Mtsinje wa Zambezi ndi Anthu a M'mbali Mwake

 Nkhani imene ndabwera nayo ndi ya mtsinje wa Zambezi. Ndipo popeza ndikudziwa kuti alipo ena amene akufunsa chamumtima kuti, kodi mtsinje umenewu utikhudza bwanji ife pamene sudutsa m'dziko la Malawi ngakhale pang'ono pokha, ndiyamba ndi kuyankha funso limenelo, pakuti ndi loyenera.

Mvula imene imagwa pa Nyika nitsikira mu Rukuru, imene imagwa ku Mchinji nilowa mu Bua, ndi imene imagwa m'nkhalango ya Dzalanyama nitsata Lilongwe kufikira ku Linthipe, yonseyi imakasonkhana m'Nyanja ya Malawi. Nyanjayo, ngakhale ili ndi mitsinje yambiri yoithira madzi, khomo lake lotulukira ndi limodzi lokha, ndilo Shire. Ndipo Shire, atayenda makilomita ngati 400 kuchokera ku Mangochi, atalandiranso Ruo wa ku Mulanje pa Chiromo, amakatula katundu wake yense kwa Zambezi m'dziko la Mozambique. Tikapatula madzi a ku Chilwa, amene alibe potulukira, ndi a ku Chiuta, amene amalowera ku Lugenda, mitsinje yonse ya dziko lino ndi ana ndi adzukulu a Zambezi. N'chimodzimodzinso ndi abale athu a ku Chipata, amene madzi awo amatsikira mu Luangwa, ndi a ku Angonia, amene Revubwe wawo amakathira pafupi ndi Tete. Tsono pokamba za Zambezi sitikukamba za mlendo ayi.

Gwero lake lili kutali, kumpoto chakumadzulo kwa Zambia, m'boma la Ikelenge kufupi ndi Mwinilunga, pamalo okwera mamita ngati 1,500 pamwamba pa nyanja yamchere, pomwe malire a Zambia, Congo ndi Angola amayandikana. Kumeneko, m'kankhalango kowirira, madzi amangotumphuka pansi pa mizu ya mitengo, nayenda m'kakhwawa kamene ngakhale mwana akhoza kukadumpha. Ndipo chapafupi pomwepo pali mtunda umene umagawa mvula pawiri, ina kupita ku mtsinje wa Congo ndi kunyanja ya Atlantic, ina kubwera kuno. Kamtsinjeka, m'malo molunjika kum'mawa kumene kuli nyanja imene kadzathireko, kamayamba kalowera kumadzulo m'dziko la Angola, kenaka n'kukhotera kumwera ndi kubwereranso mu Zambia pa mathithi a Chavuma katasanduka mtsinje weniweni. Koma monga adanenera akale, khotekhote ngwa njira, palinga mtima mpomwepo. Pofika kunyanja ya India, Zambezi amakhala atayenda makilomita pafupifupi 2,600, ndipo mu Africa monse amene amamposa kutalika ndi atatu okha: Nile, Congo ndi Niger. Dera limene amatolamo madzi ndi lalikulu kuposa Malawi kakhumi ndi kupitirira, ndipo likukhudza mayiko asanu ndi atatu.

Pali zinthu ziwiri za chibadwa cha mtsinjewu zimene ndikupempha kuti muzisunge mumtima, chifukwa mbiri yonse imene nditi ndifotokoze yatsamira pa izo. Choyamba n'chakuti pakati pa Africa ndi pokwera, ndipo dziko silitsetsereka pang'onopang'ono kupita kunyanja, koma limatsika ngati makwerero. Chifukwa chake Zambezi amayenda mofatsa mtunda wautali, wotambalala ndi wokoma kupalasamo bwato, kenaka mwadzidzidzi n'kudzigwetsa pathanthwe kapena kudzipanikiza pakati pa mapiri: pa Chavuma, pa Ngonye, pa Mosi-oa-Tunya, pampata wa Kariba, pa Kebrabasa kumtunda kwa Tete, ndi pa Lupata kumunsi kwake. Chachiwiri n'chakuti mvula ya dziko lonseli imagwa theka la chaka, theka linalo n'kukhala dzuwa lokhalokha. Motero mtsinje umadzaza ndi kuphwa pa nyengo zake, kotero kuti madzi amene amagwa pa Mosi-oa-Tunya m'mwezi wa Novembala amangokhala ngati gawo limodzi la magawo khumi a amene amagwapo mu Epulo.

Amene adaimvetsa bwino nyengo imeneyi ndi Alozi a m'chigwa cha Barotse. Kumeneko mtsinje umalowa m'chidikha cha mchenga ndi udzu chotalika makilomita oposa 200, ndipo madzi a mvula ya ku Angola akafika m'miyezi ya Febuluwale ndi Malichi, chidikha chonsecho chimasanduka nyanja. Alozi sadayese kulimbana nawo madziwo. Midzi yawo adaimanga pa timitunda, tina tachilengedwe, tina tounjika ndi manja. Ng'ombe zawo amazidyetsa msipu wa m'chigwa m'chilimwe, nazikweza kumtunda madzi akayamba kubwera. Adakumba ngalande zoyendamo mabwato ndi zophwetsera madambo, makamaka m'masiku a mfumu Lewanika. Ndipo madzi akayandikira pakhomo pa Litunga, amene ndiye mfumu yawo yaikulu, ng'oma zachifumu zotchedwa maoma zimalira kuitana opalasa, ndipo tsiku lake likafika mfumu imakwera Nalikwanda, bwato lake lalikulu la mizere yakuda ndi yoyera, lokhala ndi chifanizo cha njovu pamwamba, nichoka ku Lealui kupita ku Limulunga, anthu ake akuitsata m'mabwato osawerengeka. Mwambo umenewu ndiwo Kuomboka. Alendo amabwera kudzauona chifukwa cha kukongola kwake, ndipo ndi wokongoladi. Koma ine ndimaonamo nzeru ya kayendetsedwe ka dziko, pakuti pano pali mtundu wa anthu umene udachita pangano ndi mtsinje, kuti nyengo yako ikafika ife tidzakupatsa malo, ndipo iwe pobwerera udzatisiyira nsomba m'maiwe, msipu wa ng'ombe ndi chonde m'minda.

Pangano lomweli lidalipo m'mbali monse mwa mtsinje. Atonga a m'chigwa cha Gwembe ankakolola kawiri pachaka, koyamba m'minda ya mvula, kachiwiri m'matope achonde amene mtsinje unkasiya pophwa. Ndipo Mmang'anja kapena Msena wa ku Nsanje ndi ku Chikwawa safunika kumufotokozera zimenezi, pakuti iye amadziwa kusiyana kwa munda wa kumphala ndi wa kudimba, ndipo amadziwa kuti chaka chimene mphala yakana, dimba ndilo limaombola mudzi.

Za mathithi aakulu a Mosi-oa-Tunya sindinena zambiri, popeza mbiri yawo idawanda kale. Mtsinje wotambalala mamita 1,700 umagwera m'phompho lakuya mamita oposa 100, ndipo nthunzi yake imaoneka munthu akali kutali. Thanthwe la pamenepo ndi mwala wakuda umene udatuluka pansi uli wamoto kalekale, ndipo pozizira udang'ambika ming'alu. Madzi amafukula mng'alu umodzi, nakhala akugwera mmenemo zaka zikwizikwi, kufikira atapeza mng'alu wina kumbuyo kwake. Ndiye chifukwa chake kumunsi kwa mathithi kuli zigwembe zokhotakhota, ndipo chilichonse mwa izo ndi pamene padali mathithi a masiku amakedzana. David Livingstone adafika pamenepo mu Novembala 1855, ndipo tisaiwale kuti adachita kumutengerapo m'bwato ndi anthu a mfumu Sekeletu ya Amagololo, amene adawadziwa malowo iye asanabwere.

Tsopano titembenuke, tiuyang'ane mtsinjewu kuchokera kunyanja, monga adauonera alendo. Azungu asanafike, amalonda a Chiswahili adali atayamba kale kukwera ndi mtsinje kufika ku Sena ndi ku Tete, kufuna golide wa m'dziko la Mwenemutapa ndi minyanga ya njovu. Umboni wake udapezeka m'chaka cha 1960 pa chitunda cha Ingombe Ilede, kumunsi kwa Kariba, pamene anthu okumba maziko a thanki ya madzi adapeza manda a anthu olemera amene adaikidwa zaka mazana asanu kapena kuposa zapitazo, atavala mikanda ya golide ndi yagalasi yochokera kutsidya la nyanja, ali ndi mitanda ya mkuwa imene inkagwira ntchito pa malonda. Apwitikizi adakhazikika ku Sena ndi ku Tete m'zaka za m'ma 1530, nautcha mtsinjewu Cuama. Wansembe wawo Gonçalo da Silveira ataphedwa kulikulu la Mwenemutapa mu 1561, mfumu ya Portugal idatuma Francisco Barreto ndi gulu lalikulu lankhondo kuti akalande migodi ya golide; koma malungo adagwetsa asilikali, kashembe adatha akavalo, ndipo Barreto, posadziwa chimene chinkawapha, adanamizira amalonda achisilamu a ku Sena kuti athira mankhwala m'madzi, nawapha mwankhanza, kenaka iye mwini adafera ku Sena komweko mu 1573.

Kumpoto kwa mtsinje m'masiku amenewo kudali makolo athu Amaravi: Kalonga chakunyanja, Undi ku Mano chakumadzulo, ndi Lundu m'chigwa cha Shire. Iwowa sadali anthu ongopenyerera malonda akudutsa. Minyanga yawo, makasu a chitsulo chosula okha, ndi nsalu za thonje zoomba Amang'anja, zotchedwa machila, zinkaoloka Zambezi ndi kugulidwa kutsidya. Ndipo mphamvu yawo idali yoti m'chaka cha 1608 mfumu ya Amaravi yotchedwa Muzura idatumiza ankhondo 4,000 kukathandiza Apwitikizi pa nkhondo za m'dziko la Mwenemutapa. Mu 1616 Gaspar Bocarro, pochoka ku Tete ulendo wapansi wa ku Kilwa, adayamba wadzera kumudzi kwa Muzura kukapempha njira; ndipo mu 1622 Muzura yemweyo, mothandizidwa ndi Apwitikizi, adagonjetsa Lundu. Ndikunena izi kuti achinyamata adziwe kuti pa zaka zimenezo Mzungu wa pa Zambezi ankayenda mwa chilolezo cha mafumu a dziko.

Zinthu zidadza kuipa pang'onopang'ono. Boma la Portugal lidagawa dziko la m'mbali mwa mtsinje m'zigawo zikuluzikulu zotchedwa prazo, ndipo eni ake, amene pakutha pa mibadwo ingapo adali a magazi osakanizika, Chipwitikizi, Chigoa ndi Chiafrika, adasanduka mafumu odziimira paokha, aliyense ndi gulu lake la akapolo onyamula mfuti, ndiwo Achikunda. Pamene minda ya ku Brazil ndi ya pa zilumba za Afalansa idayamba kufuna anthu ochuluka, m'zaka zoyambirira za m'ma 1800, mtsinje umene unkatsitsa minyanga udayamba kutsitsa ana a anthu, atamangidwa m'magoli, kupita kudoko la Quelimane. Ndipo ambiri mwa iwo adali olankhula chinenero chathu chomwechi. Pakati pa chipwirikiti chimenechi, mu Novembala 1835, Zwangendaba ndi Angoni ake adaoloka Zambezi chapafupi ndi Zumbo, pamene Luangwa amathira, pa tsiku limene dzuwa lidachita kadamsana masana; ndipo ndi kadamsana ameneyo, amene akatswiri a zakuthambo amatha kuwerengera tsiku lake, amene adatisungira chaka cha kuolokako. Maufumu a Mpezeni ndi M'mbelwa adachokera mwa iwo amene adaoloka tsiku limenelo, pamene Angoni a kwa Maseko, makolo a Gomani, adaoloka paokha ndi njira yawo.

Tafika tsopano pa nkhani imene yatikhudza koposa. Livingstone atachoka pa mathithi aja adatsika ndi mtsinje kufikira ku Quelimane mu 1856. Koma chapakati pa Zumbo ndi Tete adasiya gombe nadutsa njira yachidule yapamtunda, ndipo potero adalambalala osaona makilomita makumi angapo a mtsinje, pamene anthu adamuuza kuti pali miyala yotchedwa Kebrabasa. Iye adaganiza kuti ndi timathithi tating'ono, ndipo atafika kwawo adalengeza m'misonkhano kuti wapeza msewu waukulu wa pamadzi, umene malonda abwino ndi Uthenga Wabwino zidzalowera pakati pa Africa ndi kuthetsa ukapolo. Cholinga chake chidali choyera, ndipo sindikuchipeputsa. Boma la Britain lidamukhulupirira, nilimupatsa ndalama, anthu ndi sitima yotchedwa Ma Robert. Koma pofika pa Kebrabasa kumapeto kwa chaka cha 1858, adapeza mtsinje wonse utapanikizika pakati pa matanthwe otentha osagwirika ndi dzanja, madzi akuwinduka ndi kuzungulira, malo oti sitima iliyonse singadutse. Mnzake John Kirk adatsala pang'ono kufera pomwepo mu 1860 bwato lake litagubuduzika, ndipo zolemba zake zambiri zidapita ndi madzi.

Atakanidwa ndi Zambezi, Livingstone adakhotera mu Shire mu Januwale 1859. Nayenso Shire adamutsekera njira pa Kapichira. Koma poyenda pansi adaona mapiri a nthaka yabwino ndi mphepo yozizira, adafika ku Chilwa mu Epulo, ndi ku Nyanja ya Malawi mu Seputembala chaka chomwecho. Zotsatira zake zoyamba zidali zachisoni: mishoni ya ku Magomero ya 1861 sidakhalitse, Bishopu Mackenzie adamwalira ndi malungo mu Januwale 1862 pamene Ruo amakumana ndi Shire, Mayi Mary Livingstone adamwalira mu Epulo chaka chomwecho ku Shupanga, m'mbali mwa Zambezi, naikidwa patsinde pa mlambe, ndipo boma lidauitanitsa ulendo wonsewo mu 1863. Koma njira idali itadziwika. Amagololo amene adabwera ndi Livingstone, monga Kasisi, Chipatula, Mlauli ndi Masea, adatsala m'chigwa cha Shire nakhala mafumu. Mu 1875 sitima ya Ilala idakwera Zambezi ndi Shire, n'kuphwasulidwa pa mathithi, anthu mazanamazana naisenza pamutu zidutswazidutswa kufikira kumtunda, kumene adailumikizanso. Mu 1876 mishoni ya Blantyre idayamba. Mu 1878 kampani ya African Lakes, imene tonse timaidziwa kuti Mandala, idatsatira. Ndipo chifukwa cha amishoni ndi amalonda amenewa, Britain idakaniza Portugal mu 1890 kulowa m'mapiri a Shire, nilengeza ulamuliro wake kuno mu 1891. Taonani tsono, abale anga: miyala ya pa Kebrabasa ikadakhala yoti sitima n'kudutsa, maso a Angerezi akadalunjika kumtunda kwa Zambezi, ndipo n'kutheka kuti dziko lino likadakhala ndi malire ena, chinenero china cha boma, ndi mipingo ina.

Maloto a msewu wa pamadzi sadathere pomwepo. Ajeremani, pa pangano lawo ndi Angerezi la 1890, adapempha kamzere ka dziko kofika pa Zambezi, kamene kadatchedwa Caprivi, ngakhale mathithi aakulu ali pafupi kumunsi kwake. Mu 1889 Daniel Rankin adaonetsa kuti sitima zikhoza kulowa mumtsinje podzera pa Chinde, ndipo kwa zaka ngati makumi atatu pafupifupi aliyense ndi chilichonse chobwera ku Nyasaland chinkadzera pamenepo. Koma mchenga unkasuntha chaka ndi chaka, sitima zinkatitimira, ndipo Shire adayamba kuphwa, kufikira kuti kuyambira cha m'ma 1915 mpaka cha m'ma 1935 nyanja idaleka kutulutsa madzi ake. Pamapeto pake njanji ndiyo idapambana, ndipo mu 1935 adatsegula mlatho wa Dona Ana pakati pa Sena ndi Mutarara, wotalika makilomita 3.7, umene ngongole yake idalemera pa dziko losauka la Nyasaland zaka zambiri. Ngakhale m'masiku athu ano, doko la Nsanje lidatsegulidwa ndi chimwemwe mu 2010, koma sitima zamalonda zochokera kunyanja sizidayambe kufikapo. Kwa makolo athu ambiri Zambezi adali mtsinje wooloka basi, pa Tete, ulendo wa kukafuna ntchito ku Salisbury ndi ku migodi. Ndipo ena mwa iwo adauoloka kamodzi kokha, nakhala matchona.

Mipata yomwe ija imene idakana sitima ndiyo idakopa anthu a mbadwo wotsatira, pakuti pamene mtsinje wapanikizika pakati pa mapiri ndi pamene khoma lalifupi likhoza kutseka madzi ambiri. Mu 1955 boma la Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland lidasankha kumanga damu pa Kariba, kusiya Kafue amene anthu a ku Northern Rhodesia ankafuna. Mapulani adajambula ndi Mfalansa André Coyne, omanga adali a kampani ya ku Italy, ndipo pakati pa antchito zikwizikwi amene adasenza simenti m'chigwa chotenthacho padali amuna ambiri ochokera kwathu kuno. Atonga ankanena kuti Nyaminyami, mzimu wa mtsinje, sadzalola. Ndipo mu 1957 kudabwera madzi aakulu, mu 1958 kudabweranso ena oposa oyambawo, nawononga zambiri zimene zidamangidwa. Anthu oposa 80 adafa pa ntchitoyo. Komabe khoma lotalika mamita 128 lidatha mu 1959, ndipo kumbuyo kwake kudabadwa nyanja yotalika makilomita oposa 200, imodzi mwa nyanja zazikulu koposa zopangidwa ndi anthu pa dziko lapansi.

Sindidzaima pano kunena kuti Kariba sadabweretse zabwino. Magetsi ake adayendetsa migodi ya mkuwa ndi mafakitale, adaunikira zipatala ndi masukulu a mayiko awiri, ndipo kapenta amene anthu adabwera naye kuchokera ku Nyanja ya Tanganyika m'zaka za m'ma 1960 wadyetsa mabanja osawerengeka. Koma mtengo wake adalipira ndani? Atonga okwana 57,000, a mbali zonse ziwiri za mtsinje, adakwezedwa m'malole ndi kukatulidwa kumitunda ya miyala ndi ya mvula yochepa, kumene kulibe dimba. Minda yawo, manda a makolo awo ndi malo awo opembedzerapo zidamira. Ndipo abale amene ankangooloka ndi bwato kukaonana, kukalira maliro kapena kukakwatira, adalekanitsidwa ndi nyanja, pambuyo pake ndi malire a mayiko. Anthu a mfumu Chipepo atakana kusamukira ku Lusitu, apolisi adawombera pa Chisamu mu Seputembala 1958, ndipo amuna asanu ndi atatu adafa. Ku Lusitu komweko ambiri, makamaka ana, adamwalira ndi matenda m'zaka zoyamba. M'masiku omwewo nyuzipepala za kunja zidadzaza ndi nkhani ya nyama zakutchire pafupifupi 6,000 zimene Rupert Fothergill ndi anzake adapulumutsa pa zilumba madzi akukwera. Ntchito imeneyo idali yachifundo, ndipo ndikuiyamika. Chimene chimandiwawa n'chakuti dziko lapansi lidamva zambiri za agwape ndi zipembere kuposa za anthu. Akale adati safunsa adadya phula. Koma pa Kariba wosafunsayo adadya uchi, ndipo phula adadya ndi amene sadafunsidwe, amene midzi yawo yambiri idakhala zaka makumimakumi mumdima, mawaya a magetsi akudutsa pamwamba pawo.

Pa Kebrabasa pomwe paja Apwitikizi adamanga damu la Cahora Bassa pakati pa 1969 ndi 1974, nkhondo ya ufulu ili mkati, FRELIMO ikulitsutsa; anthu zikwi makumi angapo adasamutsidwa ndi kutsekeredwa m'midzi yolonderedwa ndi asilikali; magetsi ake ambiri adawakonzera South Africa, pa mawaya otalika makilomita 1,400; ndipo ngakhale Mozambique idalandira ufulu mu 1975, ulamuliro wa damulo udabwera m'manja mwake mu 2007. Koma chimene madamu awiriwa adachita kwa anthu a kumunsi sichioneka msanga ndi maso. Wopanga magetsi amafuna madzi ofanana tsiku ndi tsiku, chilimwe ndi dzinja. Chifukwa chake amasunga madzi a nyengo ya mvula, nawatulutsa pang'onopang'ono chaka chonse. Motero kusefukira kwa chaka ndi chaka, kumene kunkathira chonde m'madimba, kudzaza maiwe oswaniranamo nsomba, ndi kunyowetsa madambo a Marromeu odyamo njati, kudachepa kwambiri. Matope achonde amatsalira pansi pa nyanja ziwirizo. Ndipo asodzi a nkhanu ndi nsomba za kumatsiriro adaona zogwira zawo zikuchepa. Choopsa china n'chakuti anthu, poona zaka zikupita mtsinje osadzaza, adatsika kukamanga m'malo amene makolo awo sankagonamo; ndipo chaka cha mvula yambiri, monga 1978 ndi 2001, pamene oyang'anira madamu adakakamizika kutsegula zipata, madzi adawapeza m'nyumba. Madzi saiwala khwawa. Nafenso zimatikhudza, pakuti Zambezi akadzaza amatsekereza Shire, ndipo madzi amabwerera m'madambo a kumunsi kwa Nsanje.

Ngakhale magetsi amene tidagula ndi mtengo wotere sali otsimikizika monga tinkaganizira. Chilala cha 2024 chidaphwetsa Kariba kufikira kuti mabanja a ku Zambia ankakhala maola ambiri a tsiku opanda magetsi; ndipo kwathu kuno, kumene mathithi a Shire pa Nkula, Tedzani ndi Kapichira ndiwo amatiunikira, namondwe Ana adagumula damu la Kapichira mu Januwale 2022, pamene matope ochokera m'mapiri amene tidadula mitengo yake amadzaza maiwe a makinawo chaka ndi chaka. Pa mlandu wa matopewu sitingaloze chala Mzungu kapena Mpwitikizi; nkhwangwa yake ndi yathu.

Lero kuli mapulani omanga madamu ena awiri akuluakulu, lina pa Batoka kumunsi kwa Mosi-oa-Tunya, lina pa Mphanda Nkuwa pakati pa Cahora Bassa ndi Tete. Kulinso bungwe la mayiko onse asanu ndi atatu, la ZAMCOM, limene pangano lake lidasainidwa ku Kasane mu 2004, ndipo Malawi ali ndi mpando wake mmenemo. Sindikunena kuti madamuwo asamangidwe, pakuti mayi wobereka usiku m'chipatala chopanda nyali nayenso ali ndi mlandu wake woti umveke. Chimene ndikupempha kwa iwo amene amatiyimira pa mabwalo amenewa n'chakuti akakhala pansi ndi akatswiri a magetsi ndi eni ndalama, akumbukire mlimi wa kudimba ndi msodzi wa m'bwato la mtengo umodzi. Alimbikire kuti madamu amene alipo kale azitulutsa madzi ena pa nyengo imene mtsinje unkadzaza mwachibadwa, ndi kuti zipata zisamatsegulidwe anthu a kumunsi asanachenjezedwe m'chinenero chawo. Ndipo ku Batoka ndi ku Mphanda Nkuwa, mafumu ndi anthu awo, amayi pamodzi ndi abambo, afunsidwe ndi kuyankhidwa, malo awo atsopano awaone ndi maso ndi kuwavomera, thumba loyamba la simenti lisanatsegulidwe.